Woswa Miyala wa ku Springburn

Abambo anga akhala akuswa miyala moyo wawo wonse. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkawalambalala ngati chitsa cha panjira. Munthu akandifunsa kutchalitchi kuno ku Glasgow kuti madala kumudzi amatani, ndinkangoti, "Ali m'zomangamanga," n'kuyamba msanga nkhani ya mpira. Ndinkadzitonthoza kuti si bodza lenileni, poti miyala ya kwale imene ankaswa m'munsi mwa phiri la kwathu ku Chiradzulu inkakamangiradi nyumba za anthu.

Pakhomo pathu panali lamulo limodzi lokhwima: mwana asakhudze hamala. Ine ndi achemwali anga a Esinati tikawapititsira chakudya kuphiri, tinkatula mbale pansi pa mthethe n'kumaonerera chapatali. Tsiku lina, ndili kupulayimale, ndinanyamula hamala yaing'ono kuti ndingomva kulemera kwake. Khofi limene ndinalandira linandionetsa nyenyezi dzuwa lili paliwombo. "Manja ako ndi a bolopeni," anatero abambo, n'kubwerera pathanthwe pawo.

Bolopeniyo sindinafike nayo patali. Ndinakathera kusukulu ya ntchito zamanja, n'kukhala makaniko wa mainjini a dizilo, wokonza zigayo ndi mapampu a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo. Abambo anavomera, ati sipanala si hamala. Mkazi wanga Eliza, amene ndi namwino, atapeza ntchito ku Scotland, ine ndinatsatira pambuyo ngati chikwama. Tinapeza nyumba ku Govanhill, pamwamba penipeni, masitepe ake onunkhira ndiwo za mitundu yonse ya anthu. Ndinatsuka magalimoto, ndinanyamula makatoni, mpaka ndinamva kuti ku Springburn kuli yadi ina imene ikufuna munthu wodziwa dizilo.

Ine ndili ndi matenda a mafunso. Malemu amayi ankati ndinabadwa ndikufunsa mzamba dzina lake. Sindichita nazo manyazi, safunsa anadya phula. Ndiye mutha kuganiza mmene ndinachitira tsiku loyamba m'yadi muja, nditaona mapampu aakulu ngati malole, iliyonse pangolo yake, atachokera kunja kudzakonzedwa. Anandipereka kwa mkulu wina wobadwira ku Springburn komweko, dzina lake Shug, wamfupi, wadazi, wolankhula Chizungu chimene sindinachiphunzirepo kusukulu iliyonse. Titatsegula pampu yoyamba ndinagwira pakamwa. Zitsulo za m'kati zinali zitadyeka ngati chimanga cha anankafumbwe.

"Chadya chitsulo chonchi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mchenga, mnzanga."

"Ndiye eni akewa ndi osasamala. Saika sefa?"

Shug anaseka mpaka kutsokomola. "Amauthiramo dala."

Moyo wanga wonse ndinali nditateteza mapampu ku mchenga, lero munthu akundiuza kuti alipo anthu ophunzira amene amagula mchenga n'kuudyetsa pampu. Sindinamupatse mtendere. Pa nthawi ya tiyi anatenga banzi lake, n'kulikanikiza ndi zala mpaka linang'aluka. Atachotsa zala, mng'alu uja unatseka. Analing'alulanso, n'kulowetsamo kamtengo ka machesi, ndipo ulendo uno unakhala chitsegukire.

Anandifotokozera motere. Kutali kuchipululu, pansi pakuya kwambiri, kuli mwala umene uli ndi gasi m'kati mwake koma ndi womana. Chitsime chinakumbidwa kale, koma gasi amangodontha ngati mpopi wa ku Ndirande m'chilimwe. Ndiye amapopera madzi m'chitsimemo mwamphamvu yoopsa mpaka mwala ung'aluke, kenako amatumiza mchenga kuti ukakhale m'ming'alumo. Mapampu akazima, mwala umafuna kutseka, koma mchenga waima pakhomo, gasi n'kupeza njira.

"Kunonso mumatero?"

"Ayi. Kuno boma linakana kuti tiziswa pansi pa nyumba za anthu. Ife timangokonza mapampu, oswa amakaswera kwina."

"Chifukwa?" Mawuwo anandipulumuka m'Chichewa.

Shug anafunsa tanthauzo lake, ndipo nditamuuza analibwereza katatu ngati akulawa ndiwo. Pofika Lachisanu yadi yonse inkanditchula Chifukwa. Mpaka lero dzinali lili pachipewa changa cha kuntchito.

Patapita zaka ziwiri anayamba kutitumiza limodzi ndi mapampu athu, milungu ingapo kuchipululu, milungu ingapo kunyumba. Unkakwera ndege ku Glasgow utavala majekete awiri, n'kutsika m'dziko lina la Aarabu ngati walowa mu uvuni wa njerwa. Kuchoka pamenepo ndege ina yaing'ono, kenako galimoto, mpaka kufika pamalo popanda mtengo, popanda mbalame, makontena okhaokha atandandalikidwa kukhala zipinda zogona. Ine ndi Shug tinkagona kontena imodzi, iye pansi chifukwa cha bondo lake, ine pamwamba. Madzi ankatimwetsa mokakamiza ngati odwala malungo. Sipanala ukaisiya padzuwa sunkaigwiranso ndi manja.

Chimene chinandizunguza mutu tsiku loyamba chinali malole. Ndinaona mzere wa malole akubwera ndi matumba akuluakulu, ndipo nditafunsa anati ndi mchenga. Ndinayang'ana kum'mawa, mchenga. Kumadzulo, mchenga. M'nsapato zanga, mchenga. Ndinati anthu awa adya chiyani? Mtsikana wina injiniya, amene ankakhala m'kontena ya makompyuta, anandithirira pang'ono m'dzanja. Unali wobulungira ngati mbewu ya mpiru, wofanana wonse, wopangidwa kufakitale. Anati wa m'chipululu ndi wofooka, ukafika pansipo mwala umaupera kukhala ufa. Anandionetsanso madzi amene amaunyamula, atawathira mankhwala kuti alembwereke ngati therere. Ndinafunsa kuti mng'alu umapita mbali iti. Anaseka n'kunena kuti ilo ndiye funso limene limawadyera tulo, poti mwala umasankha wokha.

Tsiku lopopa lilibe lina lofanana nalo. Mainjini onse amabangula pamodzi, nthaka n'kumanjenjemera m'mapazi. Mapayipi achitsulo amene ali pakati pa mapampu ndi chitsime sawayandikira munthu, chifukwa imodzi ikaphulika sutsala wokaika m'bokosi. Ife amakaniko tinkaima kuseri kwa mzere wofiira, makutu otseka, tikuyang'ana pampu zathu ngati makolo pa tsiku la mayeso. Injiniya uja ataona kuti ndikusuzumira pakhomo pake anandikodola. Pakompyuta panali mzere ukukwera, kukwera, kenako mwadzidzidzi unagwa pang'ono.

"Wasweka," anatero.

Ndinali nditazionapo zimenezi. Ndili pansi pa mthethe uja, ndinkaona abambo akusonkha moto wa matayala akutha pathanthwe, kuusiya uyake mpaka mwala utenthe, kenako kukhuthulirapo ndowa ya madzi ozizira. Pankamveka kuti thaa! Mng'alu ukangooneka ankathamanga ndi mgwala, kuukanula pang'ono, n'kukhomeramo kamwala kuti usatseke. Madzi, mng'alu, kamwala. Anthu onsewa, ndege zonsezi, makompyuta onsewa, tinali kuchita ntchito ya abambo anga.

Sindinauze munthu, ngakhale Shug. Kunena zoona ndinachita mantha osakanikirana ndi manyazi. Munthu anandimenya khofi kuti ndisakhale woswa miyala, ndipo ndawoloka nyanja kukakhala chomwecho.

Si masiku onse amene zinkayenda. Ulendo wina chitsime chinatsamwa. Mchenga unadzaza pakhomo pa mng'alu, mzere wa pakompyuta unalumpha, mapampu onse n'kuzima nthawi imodzi. Bata limene linatsatira linali loopsa kuposa phokoso. Tinatha masiku atatu tikumasula mapayipi ndi kukokolola mchenga, thukuta likulowa m'maso, milomo itang'ambika. Shug anakomoka tsiku lachiwiri, ndipo ndinamubereka kumsana mpaka kukontena ya dokotala, iye akutukwana njira yonse kuti ndimutsitse anthu angaone. Atatsitsimuka anati, "Chifukwa, ukadzanena izi ku Springburn ndidzakukana." Ndinanena tsiku lomwe tinafika.

Lamulungu lililonse, kaya ndili ku Govanhill kaya kuchipululu, ndinkaimba foni kumudzi. Foni inali ya achemwali, iwo n'kuwapatsira abambo. Nkhani yathu inali imodzimodzi.

"Mwadzuka bwanji, abambo? Mvula ikugwa?"

"Ikugwa. Ntchito ikuyenda?"

"Ikuyenda. Mapampu omwe aja."

"Chabwino. Uzivala zofunda."

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuno munthu sapita kumudzi chimanjamanja. Ukangolengeza kutchalitchi kuti ukupita, chikwama chako chasanduka cha mpingo wonse. Chaka china ankapita a Msiska, mkulu wa mpingo wathu, munthu wa makompyuta, waulemu ndi wosadziwa kunama. Ndinawapatsira jekete ndi nsapato za abambo, ndipo iwo mwa ubwino wawo anakapereka okha mpaka pakhomo. Lamulungu lotsatira nditaimba foni, achemwali anayankha ndi mawu otsika.

"Achimwene, mwawachita chiyani abambo?"

"Ine? Bwanji, nsapato zachepa?"

"Nsapato sanaziyese n'komwe. Akuti ndikuuzeni kuti ali kudimba."

Abambo anga sanakhalepo ndi dimba. Lamulungu linalo anali kudimba. Linalonso anali kudimba. Achemwali anandiuza kuti mlendo uja anacheza nawo nthawi yaitali pakhonde, ndipo atachoka, abambo anangokhala duu mpaka chakudya kuzizira. Anandiuzanso chinthu chimene ankandibisira, kuti chifuwa cha fumbi la miyala chinali chitawagwira kwambiri, moti kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi ankapumira panjira. Ndinaona kuti madala atha kupita ali chikwiyire, ine osamvanso mawu awo.

Mapemphero atatha ndinawapeza a Msiska muholo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Akulu, kodi munawauza chiyani madala?"

"Anandifunsa kuti ntchito yanu yeniyeni ndi yotani. Ndinayesa kufotokoza za fracking, koma Chichewa chake ndinachisowa. Ndiye ndinangoti mumaswa miyala ya pansi pa nthaka. Kodi ndinalakwitsa?"

Ndinafuna kukalipa, koma ukalipira bwanji munthu amene wanena zoona? Ndinamwa tiyi wanga akuwotcha n'kutuluka.

Ndinaganiza kuti nkhani ndaimvetsa. Abambo akundiona m'maganizo mwawo nditakhala m'mbali mwa msewu wa Azungu, m'chipale chofewa, hamala ili m'manja. Ndiye ndinayamba kutumiza zithunzi. Ine nditavala ovolosi yoyera pafupi ndi pampu. Ine pakhomo pa ndege. Ine ndi Shug titagwirana mapewa. Achemwali anati akawaonetsa amangotembenukira kukhoma. Ndinajambula mawu ofotokoza kuti hamala sindiigwira, oswa ndi madzi. Anati anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupempha madzi akumwa, basi.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero Eliza tsiku lina tikukwera masitepe ndi majumbo a kumsika. "Iwe ukuyankha funso limene sanakufunse. Pita ukawaone."

Nditapempha tchuthi, Shug anandipatsa kabotolo ka mchenga uja. Anati munthu wa ntchito zamanja sakhulupirira chithunzi, amakhulupirira chimene wagwira.

Kumudzi ndinapeza phiri lathu litadyeka mbali yonse ya kumsewu. Mthethe uja kunalibe. Pamene abambo ankagwira okha ndi anzawo atatu panali amayi ambirimbiri, aliyense ndi mulu wake wa kwale, ena ana ali kumsana. Achemwali anali atamera imvi, ndipo ana awo amene ndinawasiya akukwawa anandipatsa moni wa mlendo, atagwada patali. Abambo ndinawapeza pakhonde, pamkeka, atatsamira khoma. Munthu amene ankanyamula mwala woti amuna awiri akanike anali atatsala mafupa ndi maso. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

"Ndili bwino, kaya inu, a injiniya? Mwayenda bwanji?"

Inu. Chibadwire abambo anali asananditchulepo inu. Khofi la pathanthwe lija linali lopepuka poyerekeza ndi ulemu umenewu. Achemwali anandibweretsera mpando, ndipo ndinakhalapo ngati munthu wa kuboma wodzalemba kalembera.

Tsiku loyamba linatha choncho, lachiwirinso. Ankandiyankha zonse mwaulemu, osaonjeza liwu. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinatulutsa kabotolo kaja n'kukaika pamkeka. Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakatsegula, kuthira pang'ono m'dzanja, kupekesa ndi chala, n'kuika kambewu kamodzi pa dzino.

"Uwu si wa mumtsinje."

"Ndi wopanga, abambo. Ndi umene timalowetsa m'ming'alu kuti isatseke."

"Mwalawo ndi wakuda kapena wotuwa?"

"Sindinauonepo. Uli pansi kwambiri."

Anandiyang'ana koyamba m'maso. "Mumaswa mwala umene simunauone?"

"Timauona pakompyuta."

Anapukusa mutu ngati amva za munthu wokwatira mkazi wa pachithunzi. Koma ndinaona kuti chidwi chawagwira, ndipo ndinazindikira kumene ndinatengera matenda anga. Anafunsa kuti madziwo ndi otentha kapena ozizira. Anafunsa kuti timadziwa bwanji kuti wasweka. Nditanena za mzere umene umagwa, anati iwo amamvera m'mgwala, umanjenjemera mwamtundu wina. Anatsokomola nthawi yaitali, ine nditagwira kapu ya madzi, kenako anapitiriza.

"Ndipo sung'alukira kumene mukufuna inu."

"Ayi, umasankha wokha."

"Uli ndi mtsempha wake. Ukaupeza mtsempha, mwana atha kuuswa. Ukaulakwitsa, uthyola mpini." Anapuma. "Nanga mchengawu sutsamwa pakhomo?"

Ndinawafotokozera za masiku atatu aja, ndi za Shug kumsana kwanga. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati afuna kuseka.

"Munafulumira. Mng'alu ukadali wakhanda suupatsa mwala waukulu. Umayamba ndi kakang'ono, kenako kokulirapo."

Mawu omwewo anawanena akuluakulu a kampani pamsonkhano umene tinakhala chitsime chija chitatsamwa, kungoti iwo anatenga maola awiri ndi zithunzi zambiri.

Apa ndinaona kuti khomo latseguka, ndipo ndinayamba kupepesa. Ndinati ndinkaopa kuwakhumudwitsa. Ndinati iwo anavutika kuti ine ndisakhale woswa miyala, ndiye ndikanayamba bwanji kuwauza. Ndinabwerezanso kuti hamala sindiigwira, manja anga ndi awa, aone okha. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza, abambo."

"Ine ndinaletsa hamala kuti isadye manja ndi chifuwa, monga yandidyera inemu. Pakamwa sindinaletse." Anatseka kabotolo kaja pang'onopang'ono. "Mlendo uja anandiuza kuti Azungu anakupatsani dzina chifukwa cha mafunso. Ati palibe munthu kuntchito kwanu amene simunamufunsepo kanthu, ndi wophika yemwe. Ndinaseka, ndinati ameneyo ndi wangadi. Kenako anandiuza ntchito imene mumagwira."

Anaima kuti apeze mpweya. Achemwali, amene ankasenda chinangwa pambali, anasiya mpeni.

"Mzungu mumamufunsa. Mwarabu mumamufunsa. Ine ndakalambira pathanthwe, ndipo zaka zonsezi mukugwira ntchito yanga, Lamulungu lililonse mumandifunsa za mvula. Ndimadziwa chiyani za mvula ine? Ndine mlimi?"

Ndinali nditakonzekera mlandu wa bodza, ndi mboni zanga, zithunzi ndi kabotolo. Mlandu uwu sindinauganizirepo ngakhale kamodzi, ndipo unali woona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndinaona abambo anga ngati munthu wofunika kumubisa ndi kumutumizira majekete. Sizinandifikepo m'mutu kuti ndi munthu wodziwa zinthu. Misozi inagwa ndili pampando paja, pamaso pa achemwali ndi ana awo, ndipo sindinaipukute.

Abambo anadzikoka movutikira, kusendera kumapeto kwa mkeka, n'kumenya pamalo potsalapo ndi chikhatho.

"Tsika pampandopo, iwe. Khala apa. Yamba kufunsa, mpweya wanga ndi wochepa."

Ndinatsika n'kukhala pamkeka, phewa langa litagunda lawo. Funso loyamba linakanika kutuluka, ndipo abambo anadikira.